Rumours kapena Tusk: chimbale chiti cha Fleetwood Mac muyambe nacho?

Amene wayamba kumene kusonkhanitsa zimbale za gulu la Fleetwood Mac sachedwa kufika pamphambano, pamene ayenera kusankha pakati pa Rumours, chimene chinatuluka mu Febuluwale 1977, ndi Tusk, chimene chinatsatira mu Okutobala 1979. Oyimba ake ndi asanu omwewo: Mick Fleetwood pang'oma, John McVie pabesi, Christine McVie pakiyibodi, Lindsey Buckingham pagitala, ndiponso Stevie Nicks pamawu. Komabe malonda a zimbale ziwirizi anatalikirana kwambiri moti wongoyang'ana ziwerengero angaganize kuti china ndi chakupsa, china nchosapsa. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kumene amachokera.

Rumours anachijambula mu 1976, makamaka mu situdiyo ya Record Plant ku Sausalito, m'chigawo cha California, pamene banja la John ndi Christine linali litangotha, chibwenzi cha Buckingham ndi Nicks chikutha, nayenso Fleetwood zinthu zisakuyenda kunyumba kwake. Anthu amene sankafuna nkuonana komwe ankakumana tsiku ndi tsiku kuti ayimbe nyimbo zodandaulirana, ndipo mu "Go Your Own Way" mumamva Nicks akuthandizira mawu m'nyimbo imene ikudzudzula iye mwini. Nyimbo zonse 11 nzosalala, palibe yongodzazira malo, ndipo besi ya John ikalowa yokha chakumapeto kwa "The Chain" ngakhale amene sakonda rock amayamba kugwedeza mutu. Chimbalechi chinakhala pamwamba pa mndandanda wa Billboard ku America kwa masabata 31, chinapata mphotho ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1978, ndipo makope ake oposa 40 miliyoni agulidwa padziko lonse. Pa Rumours ogula ndi akadaulo ounika nyimbo analankhula chimodzi, ndipo palibe zambiri zoti nkutsutsana.

Nkhani yofuna kukhalira pansi ndi ya Tusk. Kampani ya Warner Bros. inkayembekezera Rumours wachiwiri, koma Buckingham, amene khutu lake linali litatembenukira ku nyimbo za punk ndi new wave, anakana kubwereza zimene zinapambana kale. Nyimbo zake zina ankazijambulira kunyumba, akudziyimbira yekha zida zambiri, mpaka kumenya kabokosi ka matishu m'malo mwa ng'oma. Zotsatira zake zinali nyimbo 20 pa mbale ziwiri, zisanu ndi zinayi za Buckingham, zisanu ndi imodzi za Christine ndi zisanu za Nicks, ndipo ntchito yonse inadya ndalama zoposa madola 1 miliyoni, zomwe panthawiyo zinali zosamveka. Mukayika mbale yoyamba, "Over & Over" imakulandirani mwaulemu, mawu a Christine akuyenda pang'onopang'ono ngati madzi a m'dambo, kenaka musanakhazikike "The Ledge" imakugwerani ndi gitala ya mawu okhuthala, yokhakhala ngati wailesi yong'ambika sipika. Pomwepo mpamene omvera ambiri a mu 1979 anagwa mphwayi, ndipo pomwepo mpamene ine ndinachikondera chimbalechi, chifukwa mumamva alembi atatu aliyense akukokera kwake popanda wobisa khalidwe lake. Nyimbo yotchedwa "Tusk" yeniyeniyo ili ndi bandi ya malipenga ya University of Southern California, imene anakaijambulira pabwalo la masewero la Dodger Stadium ku Los Angeles.

Tusk chinafika pa nambala 1 ku Britain, chinathera pa nambala 4 ku America, ndipo chinagulidwa makope pafupifupi 4 miliyoni, chiwerengero chimene gulu lina lililonse likanachivinira, koma pambali pa Rumours chinaoneka ngati kugwa. Mtengo wake wa $15.98 unali wokwera, ndiponso mawailesi a kampani ya RKO ya ku America anachiulutsa chonse chisanafike m'masitolo, zimene zinapatsa anthu mpata wochijambula pa makaseti. Anzake m'gululo analoza chala Buckingham, ndipo chimbale chawo cha Mirage cha mu 1982 chinabwerera ku nyimbo zofewa. Akadaulo ounika nyimbo anagawanika panthawiyo, koma m'kupita kwa zaka ambiri akhala akuchikweza, makamaka oyimba achinyamata amene anapezamo chilolezo chojambula nyimbo m'chipinda chogona popanda kuchita manyazi.

Ngati simunamvepo gululi, kapena mukufuna nyimbo zoti zizimveka mukugwira ntchito zina, yambani ndi Rumours, pakuti chimamveka bwino ngakhale pa kasipika ka foni. Tusk chimafuna mahedifoni, mphindi zoposa 70 zopanda wokusokonezani, ndi mtima wololera kuchibwereza kangapo. Ndivomereze kuti nyimbo ziwiri kapena zitatu za Buckingham zimamveka ngati zosamalizidwa, ndipo zimenezi sizisintha ngakhale muzimvere kakhumi. Komabe ndikafunsidwa choti ndisunge chimodzi, ndimatenga Tusk, chifukwa Rumours ndinachidziwa chonse m'mwezi umodzi pamene ichi chikundionetsabe zatsopano.

Ogula ma CD akale asamale chinthu chimodzi. Pa CD yoyamba ya Tusk anafupikitsa "Sara", nyimbo ya Nicks, kuti zonse zikwane pa mbale imodzi, choncho yang'anani kuseri kwa chikuto: ngati nyimboyo sikupitirira mphindi zisanu ndi imodzi, imeneyo ndi yodulidwa, ndipo ndi bwino kufunafuna imene inatulutsidwanso mu 2004. Chaka chomwecho Rumours nachonso chinatuluka ndi "Silver Springs", nyimbo imene anaisiya mu 1977 chifukwa chosowa malo pa mbale.