Kuphunzira ntchito mu ofesi ya phungu ku Zomba

Ofesi ya phungu wina wa Nyumba ya Malamulo m'boma lino la Zomba imalandira ophunzira a ku University of Malawi pa nthawi ya tchuthi, ndipo ine, nditadutsamo, ndikuona kuti ndi malo oyenera kwa amene akuphunzira za ndale kapena malamulo, bola apite akudziwa zimene akapezeko.

Ntchito yambiri ndi yolandira anthu. Kumabwera mafumu ndi nkhani za mijigo yowonongeka, makolo osowa fizi ya ana, komanso makomiti a chitukuko ofuna kudziwa za ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu), ndipo wophunzira amalemba dandaulo lililonse m'kaundula asanakonze kalata yopita ku khonsolo. Apa ndi pamene ndinapindula kwambiri, chifukwa alembi a mu ofesimo anandiphunzitsa moleza mtima kusiyanitsa nkhani yoyenera khansala ndi nkhani imene phungu angakafunse nduna m'Nyumba. Mafunso oterewa amalembedwa m'Chingerezi, chilankhulo cha zokambirana za aphungu, pamene wodandaulayo wafotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyao, choncho kumasulira mokhulupirika kumafunika tsiku ndi tsiku.

Chofooka chachikulu n'chakuti olemekezekawo saoneka Nyumba ikamakumana, popeza zokambirana zimachitikira ku Lilongwe, m'nyumba imene inatsegulidwa mu 2010, osati m'nyumba yakale ya kuno ku Zomba. Wofuna kuona mmene bilu imakambidwira amangodalira Hansard (buku la zonse zimene aphungu alankhula m'Nyumba) ndi wailesi. Ndalama yoyendera sapereka, zimene zimavutitsa kwambiri wophunzira wokhala kutali ndi tauni, ndipo kompyuta imodzi yokha imene ilipo timachita kulandizana.