Patula, kesiya kapena oocarpa: paini uti angakupindulitseni ku Lilongwe?

Mbande zikafika pamsika mu Disembala, wogulitsa amangoti ndi paini, wogula naye n'kulipira osafunsa kuti paini wake uti. Chonsecho mitundu yopezeka kwambiri kuno kuchigawo chapakati ilipo itatu, Pinus patula, Pinus kesiya ndi Pinus oocarpa, ndipo siifuna malo ofanana. Mukasankha molakwika simudziwa chaka choyamba. Zimadzaoneka mitengo ili ndi zaka 5 kapena 6, mizu itayamba kulimbirana madzi m'chilimwe, ndalama za maenje, zopalira ndi zolambula zitapita kale.

Kuisiyanitsa sikovuta. Masamba a paini amatuluka m'timitolo, ndiye thotholani kamtolo kamodzi muwerenge. Patula amakhala ndi masamba 3, nthawi zina 4, ofewa, olendewera pansi, ndipo kumtunda kwa thunthu khungwa lake n'lofiirira, lopyapyala, lomasupuka. Kesiya nayenso ali ndi masamba 3, koma salendewera chotero, khungwa lake n'lokhuthala, lodera, long'ambikang'ambika. Oocarpa nthawi zambiri amakhala ndi masamba 5 olimbirako, chipatso chake chobulungira ngati dzira. Vuto n'lakuti mbande yaing'ono imayamba ndi masamba amodziamodzi, timitolo timadza pambuyo pa miyezi ingapo. Wogulitsa amene sangakuuzeni kumene anatenga njere, musiyireni mbande zakezo.

Patula ndiye amene aliyense amamufuna, ndipo m'pomveka. Nkhalango ya Viphya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, mbali yaikulu inabzalidwa patula. Pa phiri la Zomba ndi ku Dedza alikonso wambiri. Amakula mowongoka, thabwa lake n'loyera, lopepuka, losavuta kucheka ndi kupala, msomali umalowa osang'amba. Akalipentala a ku Mchesi ndi ku Biwi analizolowera. Koma mtengowu kwawo ndi kumapiri ozizira a ku Mexico, kumene nkhungu imakuta nkhalango. Kuno umafuna malo okwera, makamaka opitirira mamita 1,400, ndi mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050, mvula yake imakhala pakati pa mamilimita 800 ndi 900, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala sikugwa kanthu.

Ndiye patula wobzalidwa pachigwa, monga ku Mpingu, Kasiya, Namitete kapena Mitundu, amanyenga. Zaka zoyamba amathamanga, mwini munda n'kumasangalala. Nthambi zikakumana, madzi a m'nthaka sakwaniranso mitengo yonse, ndipo Okutobala akatentha nsonga zimayamba kufiira n'kuuma kuchokera kumwamba. Mtengo wofooka chotere ndi umene nsabwe za paini zimaukonda, zija zosiya zoyera ngati thonje m'tinthambi, komanso matenda a Diplodia, amene amalowera pa zilonda zosiyidwa ndi matalala. Pa moto ndiye patula alibe chodzitetezera. Khungwa lopyapyala lija silitchinga kutentha, moto wa osaka mbewa ukangodutsa kamodzi m'munda wa zaka 4, mwataya zonse. M'boma la Lilongwe malo omuyenera ndi ochepa: kumtunda kwa mapiri a Dzalanyama ndi zitunda zozizira zakumalire ndi Dedza. Kwina konse ndi kutchova njuga ndi zaka 25.

Kesiya anachokera ku Asia, kumapiri a Khasi ku India, ku Myanmar, Thailand, Vietnam ndi ku Philippines, kumene nakonso kuli chilimwe. Ndiye paini wodalirika wa ku Copperbelt ku Zambia, dera la chilimwe chachitali ngati chathu, ngakhale mvula ya kumeneko imaposa yathu. Ku Chongoni ku Dedza alikonso. Pa dothi lakuya la katondo limene madzi sadikhapo amakula msanga, ndipo akakula khungwa lake limapirirako moto wofooka. Thabwa lake n'lolemererako kuposa la patula, lili ndi utomoni wambiri umene umamata macheka, koma pa denga ndi lolimba bwino.

Chilema cha kesiya ndi maonekedwe a thunthu. Akachokera ku njere zachisawawa amapindika, amachita mphanda, nthambi zake zimakhala zazikulu. Wocheka amafuna chipika chopereka matabwa a mafiti 18, ndiye mtengo wopindika pakati umangopereka tizidutswa totsika mtengo, ngakhale utanenepa chotani. Nthambi yaikulu imasiya mfundo yaikulu, ndipo ikauma isanadulidwe mfundoyo imadzagwa n'kusiya bowo pathabwa. N'chifukwa chake kesiya ndi wa mlimi amene adzathenera pa nthawi yake. Amene akudziwa kuti adzangobzala n'kumakaona munda kamodzi pachaka, kesiya adzam'khumudwitsa.

Oocarpa ndi wa ku Mexico ndi maiko a ku Central America, kumalo otsikirako ndi otentha kuposa kwawo kwa patula. Amapirira chilimwe cha miyezi 5 kapena 6 ndi dothi losauka la m'mbali mwa zitunda. Ali ndi khalidwe limene anzake awiriwa alibe: akapsa ali wamng'ono amatha kuphukira patsinde. Sikuti moto sumuwononga, zaka zimene anakula zimatayika ndithu, koma munda suferatu. Thabwa lake n'lolemera, lolimba. Zovuta zake n'zakuti pa malo abwino kesiya amam'siya m'mbuyo, ndiponso masamba ake sachita mthunzi wambiri, choncho udzu umakhalitsa pansi pake ndipo mudzalambula zaka zambiri kuposa m'munda wa kesiya. Kwa mlimi wa pachigwa amene munda wake wazunguliridwa ndi tchire loyaka chaka ndi chaka, ife tingasankhe oocarpa. Pa katondo wakuya, pamalo otetezeka, pali munthu wosamala, kesiya adzabweza ndalama msanga.

Musanagule mtundu uliwonse, kumbani dzenje lakuya mita imodzi pakati pa munda. Mukakumana ndi mwala kapena lubwe lolimba musanafike theka la mita, paini asiyeni, onse atatu. Dambo nalo ayi, mizu ya paini imaola m'madzi. Malo amene munali nkhalango yachilengedwe ndipo zitsa zikadalimo ali ndi vuto lina, bowa wa Armillaria, amene amachoka pa chitsa choola n'kulowa m'mizu ya paini. Mitengo imafa m'timagulu mozungulira chitsa, ndipo mukasenda khungwa patsinde mumapeza zoyera zitayala mkati. Zitsa zizulidwe musanabzale.

Pa nkhani ya mbewu m'pamene alimi ambiri amaluzira, kaya asankha mtundu woyenera. Wotola njere zogulitsa amakwera mtengo wosavuta kukwera, waufupi, wanthambi zambiri, wobereka kwambiri, womwe ndi mtengo woipitsitsa pa matabwa. Ana ake amatengera. Mbande zozulidwa pansi pa nkhalango nazo n'chimodzimodzi, kholo lake simulidziwa, ndipo mizu imaduka pozula. Akatswiri oswanitsa mitengo amachita mosiyana: amasankha mitengo yowongoka, yanthambi zazing'ono, yokula msanga, amaimezanitsa n'kuibzala pamodzi m'munda wambewu kuti iberekane yokhayokha. Mbewu yotere funsani ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, kapena kudzera ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu. Pa kesiya kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri. Ngati mukutola nokha, tolani ku mitengo yabwino yosachepera 25, yotalikirana mamita 50 kapena kuposa, osati ku mtengo umodzi wa pakhomo. Powerengera kumbukirani kuti njere za patula n'zazing'ono, kilogalamu imodzi imakhala ndi zoposa 100,000, pomwe za kesiya ndi oocarpa zimakhala pafupifupi theka la apo.

Kunazale atatuwa amasamalidwa mofanana. Fesani mu Juni kapena Julaye kuti pofika Disembala mbande zikhale za masentimita 20 mpaka 30. Chinthu chimene anthu ozolowera bulugamu amaiwala ndi dothi la pansi pa paini wamkulu. Mizu ya paini imadalira bowa wina wokhala nayo limodzi kuti itenge chakudya m'nthaka, ndipo popanda iye mbande zimachita chikasu n'kupinimbira, feteleza osathandiza. Sakanizani wilibala imodzi ya dothi limeneli ndi mawilibala 4 kapena 5 a dothi lapamwamba, kuonjezera mchenga ngati n'lomata. Phulusa ndi manyowa ambiri musaike, paini sazikonda. Wokerani m'machubu timbande tikadali ngati kamtengo ka machesi, muzu ulowe chowongoka. Muzu wopindikira m'mwamba ndi umene umadzagwetsa mtengo ndi mphepo patapita zaka. Madzi akachuluka ndi mthunzi wothithikana, timbande timaola patsinde n'kugwa tambirimbiri usiku umodzi. Machubu azisunthidwa kuti mizu yotulukira pansi iduke, ndipo mwezi womaliza chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime.

Maenje akhale a masentimita 30 mulifupi, mulitali ndi kuya. Pa mpata wa mamita 2.75 mbali zonse hekitala imalowa mitengo pafupifupi 1,320, ekala pafupifupi 535. Pa mamita 3 ndi mitengo 1,111 pa hekitala. Kesiya amafuna mpata wothinana wa 2.75 kuti nthambi zisanenepe. Nyengo yobzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma pachigwa cha Lilongwe wobzala paini mu Malichi wachedwa, mizu siikhala itazama mvula ikamatha. Bzalani nthaka ikanyowa bwino, Januwale asanathe, ndipo pakizani pasanathe mwezi.

Kuthenera koyamba kumachitika mitengo ili ndi zaka 3 kapena 4, mpaka mamita 2, pogwiritsa ntchito kasoo, osati chikwanje chimene chimasenda khungwa. Musachotse masamba opitirira theka la msinkhu wa mtengo. Kenako mumakwera mpaka mamita 4 kapena 5, pomaliza 6 kapena 7, kuti chipika choyamba chikhale chopanda mfundo. Kupatulira kuyambe pa zaka 7 kapena 8, n'kubwereza kawiri, kuti pomakolola pa zaka 25 mpaka 30 patsale mitengo 300 kapena 400 pa hekitala. Chotsani yopindika, yamphanda ndi yofooka. Ogula amabwera kudzanyengerera kuti muwagulitse ikuluikulu pa zaka 10, musalole, imeneyo ndiyo ndalama zanu zenizeni. Dziwaninso kuti paini wamkulu akadulidwa saphukira ngati bulugamu, mudzabzalanso.

Mizere yotchinga moto ilambulidwe udzu usanaumitsitse, Juni asanathe, kuzungulira munda ndi kuudula pakati ngati ndi waukulu. Pokolola, zipika za mitundu yonseyi zikagona pansi nthawi ya mvula zimachita mawanga akuda mkati ndipo ogula amatsitsa mtengo, choncho chekani msanga, matabwa muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa.

Ngati munda wanu uli pakatikati, monga zitunda za ku Nkhoma kapena m'munsi mwa Dzalanyama cha ku Malingunde, bzalani kesiya kumene dothi n'lakuya ndi oocarpa kumtunda kwa miyala. Aliyense akhale m'chigawo chakechake, osasakaniza mumzere umodzi, chifukwa sakula liwiro limodzi ndipo nthawi yopatulira ikadzafika wothamangayo adzakhala ataphimba kale mnzake.