Dartmoor kapena North York Moors: gulu lathu lipite kuti?

Ife amene tili kuno ku England tikamapangana zokayenda wapansi kutchire kwa masiku angapo, mkangano umathera pa malo awiri: Dartmoor ku Devon, kumwera chakumadzulo, ndi North York Moors ku Yorkshire, kumpoto. Konse ndinapondako, ndipo konse kumandikumbutsa ku Nyika, zitunda zopanda mitengo, mphepo yosaleka, maso kumangoona kutali. Koma kayendedwe kake n'kosiyana kwambiri.

Ku Dartmoor kumafunika anthu olimba. Pansonga pa zitunda pali milu ya miyala ikuluikulu imene eni ake amati tor, ndipo chitunda chachitali kuposa zonse, High Willhays, ndi mamita 621 okha. Kukwera sikuvuta, chovuta ndi pomwe mukuponda. Udzu umaoneka wobiriwira bwinobwino koma kunsi kwake kuli lowe. Mnzathu wina anaponda poteropo, mwendo unangoti tibu mpaka m'bondo, nsapato tinachita kufukula ndi manja, ndipo anayenda tsiku lonse sokosi ili chonyowa. Chifunganso sichiodira. Chikagwa, mnzako ali apa koma osamuona, njira zambiri zilibe zikwangwani, netiweki ya foni imasowa. Pagulu pasalephere kukhala munthu wodziwa mapu ndi kampasi. Chakumpoto kwake asilikali amaphunzirirako kuwombera mfuti, choncho onani masiku awo pa intaneti musananyamuke, ndipo mukaona mbendera zofiira musalowe.

Chimene chimandikokera kumeneko ndi kugona kutchire. Ku England konse, ndi ku Dartmoor kokha kumene lamulo limalola kukhoma tenti m'madera ena osapempha mwini malo, ndipo khoti lalikulu kwambiri la dzikoli, la Supreme, linatsimikiza ufuluwu mu May 2025. Koma zimenezi ndi za anthu ochepa osenza zonse kumsana, ndipo moto saloleza. Ngati muli khumi ndi asanu, iwalani. Sitima yochokera mumzinda wa Exeter imakusiyani ku Okehampton, m'mphepete mwenimweni mwa Dartmoor.

North York Moors ndi yofatsa. Njira yotchedwa Cleveland Way, yotalika makilomita 175 kuchokera ku Helmsley mpaka ku Filey, ili ndi zikwangwani monsemo. Imayamba m'zitunda, ikafika ku Saltburn imatsata gombe la nyanja kudzera ku Whitby ndi Robin Hood's Bay. Madzulo mumagona m'midzi, pabedi, mutasamba madzi otentha, ndipo pali makampani amene amakunyamulirani zikwama kukazisiya komwe mukagone. Inu mumangotenga madzi, jekete ya mvula ndi mandasi a panjira. Kumapeto kwa August timitengo ta heather timachita maluwa, chitunda chonse n'kusanduka chapepo mpaka pothera maso. Ine ndinangoima kukamwa kuli yasa. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo malo ogona gulu lalikulu muyenera kusungitsa miyezi ingapo isanakwane nthawi.

Gulu lathu la Amalawi nthawi zambiri limakhala losakanikirana, amayi aakulu, achinyamata, ena ongotuluka kumene pa shifiti ya usiku. Kwa gulu lotere ine ndimasankha North York Moors mosakayika, chifukwa kugombeko wotopa amakwera basi n'kukatidikira kutsogolo popanda manyazi. Ku Dartmoor munthu mmodzi akabinya phazi pakati pa lowe, nonse ulendo wathera pomwepo. Kumeneko pitani anayi kapena asanu odziwana mphamvu, ndipo madzulo aliwonse muzifufuza nkhupakupa m'miyendo, chifukwa m'udzu wa nkhosa zilimo, monganso ku Yorkshire.