Miyezi 18 kugombe: nyumba tinagula ife, koma ikulamulidwa ndi mchere

Loko amene ali pageti pathu lero ndi wachinayi. Woyamba tinamupeza pomwepo, awiri otsatira ndinagula ndekha, ndipo onse atatu anafa imfa imodzi: kiyi kulowa bwinobwino koma osatembenuka, mkati muli dzimbiri lokhalokha. Ndayambira pa loko chifukwa amene munawerenga zomwe ndinalemba titangosamukira kuno mukukumbukira mmene ndinatamandira malo ano. Ndinati puloti ndi yaikulu, kamphepo sikatha, usiku kuli zii kupatula mafunde, ndipo mtengo wake unali wabwino poyerekeza ndi kanyumba kothinana ka m'tauni. Palibe chomwe ndinanama. Kungoti apo n'kuti titagonamo milungu itatu yokha, kunja kuli ng'amba. Tsopano papita miyezi 18, mvula yatipeza kawiri, ndipo ndili ndi zina zoti ndiwonjezere.

Kwa amene simunaone zoyambazo: nyumbayi ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 300 kuchokera pomwe madzi a nyanja yamchere amalekezera. Derali si tauni, komanso si mudzi. Uku kuli nyumba zatsopano za anthu ogwira ntchito m'tauni, uko kuli minda ndi ziweto. Phula limathera makilomita 2 usanafike kwathu. Magetsi alipo, koma mipope ya madzi sinafike, mapaipi a zonyansa kulibe. Khomo lililonse lili ndi chitsime chake ndi sepitiki yake.

Kamphepo kamene ndinkakatamanda kaja ndi komwe kamatidyera katundu. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye wozizirira umachokera kunyanja kudzalowa m'malo mwake. Ukamabwera subwera chimanjamanja. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo mafunde akamaswa, timadontho tosaoneka ndi maso timauluka n'kudzatera pa chilichonse. Mcherewo umakoka chinyontho cha mumpweya, choncho chitsulo chimakhala chonyowa ngakhale kumwamba kuli mbee. Mukafuna umboni, pititsani chala pa galasi la windo loyang'ana kunyanja, mulawe. Mwana wanga wamng'ono ndiye anandiphunzitsa zimenezi, ine ndili pafupi kumukalipira kuti akunyambita mawindo.

Zoyamba kugonja zinali tcheni cha njinga ya mwanayo, mahinjesi a chitseko chakumaso ndi waya woyanikapo zovala. Kenako zitsulo za m'mawindo zinayamba kutupa pansi pa penti ngati matuza. Wowotcherera amene ndinamuitana anazungulira nyumba yonse asanagwire chida chilichonse, kenako anandiitanira kuseri.

"Bwana, taonani apa. Malata a pamwamba ali bwino, koma awa a kunsi kwa denga la khonde atha. Mukudziwa chifukwa chake?"

Ndinati mwina ndi akale.

"Ayi, anakhomedwa tsiku limodzi. Apamwambawa mvula imawasambitsa. Awa obisikawa palibe amawasambitsa, mchere umangounjikana."

Zinandidabwitsa, chifukwa ine ndinkaganiza kuti chosungika ndi chomwe chili pamthunzi. Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi timatsuka ndi madzi abwino kunsi kwa denga, mafelemu a mawindo, geti ndi pansi pa galimoto. Ndi ntchito ya maola awiri, yotopetsa, koma kusiyana kwake kukuoneka.

Pa zitsulo ndinalakwitsanso kamodzi. Ndinamva kuti kuno kumafunika sitenilesi, ndinathamanga kukagula mabawuti ndi mahinjesi osafunsa mtundu wake. Patatha miyezi inayi anali ndi mawanga ofiirira. Sitenilesi ili m'mitundu. Wofala m'masitolo ndi 304, amene amachita bwino kutali ndi nyanja. Woyenera kugombe ndi 316, amene amasakanizamo chitsulo china chotchedwa molybdenum chokwana 2 mpaka 3 peresenti, ndipo ameneyu ndi amene amalimbana ndi mchere. Ndi wodula, koma umagula kamodzi. China n'chakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, zimachita ngati batire, chimodzi n'kumadyeka. Pa mawindo athu a aluminiyamu, pozungulira pomwe anamangira ndi chitsulo wamba panatuluka kaufa koyera, ndipo bowo linakula mpaka windo kumagwedera.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi mzati wa pakhonde. Tikugula unali wosalala, wopakidwa penti yatsopano. Mvula yoyamba itatha panaoneka kamng'alu kotsika kuchokera pamwamba, ndipo kuchokera m'kamng'aluko munkatuluka madzi ofiira. Mmisiri atagogoda ndi hamala, chibenthu cha konkire chinagwa, mkati muli chitsulo chonyenyeka ngati makungwa. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe lachokerako, ndiye limakankha konkire kuchokera mkati mpaka kumuswa. Mmisiriyo anati n'kutheka omanga anatapa mchenga wa pagombe osautsuka. Penti yatsopano pa nyumba ya kugombe ndimaiona ndi diso lina masiku ano.

Komabe zonsezi ndi za ndalama ndi mphamvu basi. Nkhani yomwe imandisowetsa tulo ili pansi pa nthaka.

Tsiku loona nyumba, ejenti anatitungira madzi a pachitsime m'kapu. Anali okoma, ozizira. Anakhalabe choncho kwa miyezi isanu ndi iwiri. Chakumapeto kwa chilimwe mayi a kunyumba anayamba kudandaula kuti sopo sakuchita thovu, kenako ana anayamba kusiya madzi m'makapu. Ndinatenga madziwo kukayezetsa. Zotsatira zinaonetsa kuti muli chloride, mbali imodzi ya mchere, wokwana mamiligalamu 410 pa lita. Malangizo a bungwe la WHO amati akapitirira pafupifupi 250, lilime limayamba kumva mchere. Lilime la ana linali litanena kale.

Maganizo anga oyamba anali oti tizamitse chitsime. Mwayi wake ndinayamba ndafotokozera a neba athu achikulire, amene akhala kuno kuyambira nyumba zili zisanu zokha.

"Mwana wanga, musayerekeze," anatero. "Kuno ukazamitsa ndiye wautsata mcherewo kwawo."

"Nanga titani, agogo?"

"Muzitunga pang'onopang'ono. Chitsime cha kugombe sachithamangitsa."

Nditafufuza ndinapeza kuti agogowo akunena zomwe akatswiri awiri, Badon Ghyben ndi Herzberg, anazifotokoza zaka zoposa 100 zapitazo. Madzi abwino ndi opepukirapo kuposa amchere, ndiye pansi pa nthaka ya kugombe amayandama pamwamba pa amcherewo. Pa mita iliyonse imene madzi abwino akwera kupitirira msinkhu wa nyanja, pansi pake pamakhala mamita ena pafupifupi 40 a madzi abwino. Zikumveka zambiri, koma tembenuzani masamuwo: madzi a m'nthaka akatsika ndi theka la mita, malire a mchere amakwera ndi mamita pafupifupi 20. Pampu yamphamvu imakoka mcherewo kuchokera pansi kubwera nawo pakamwa pa paipi. Ndipo si pampu yanga yokha. Chisamukireni kuno ndawerenga nyumba zatsopano 9 mumsewu wathu wokha, iliyonse ndi pampu yake, zina ndi kapinga wothirira m'mawa ndi madzulo. Tonse tikumwera mumphika umodzi, koma palibe amene amauona.

Tinachita zinthu ziwiri. Pulambala anakweza pampu m'mwamba pang'ono n'kuichepetsa mphamvu, kuti izidzaza thanki mwakachetechete usiku m'malo mokoka mwankhanza kwa mphindi zochepa. Kenako tinaika magata ndi thanki ya madzi a mvula. Masamu ake ndi osavuta: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lathu ndi la masikweya mita 140, choncho mvula ya mamilimita 20 imagwetsa malita 2,800 padengapo. Oyambirira timawataya chifukwa ndi amene amatsuka mchere, fumbi ndi zitosi za mbalame. Akumwa timawasefa ndi kuwiritsa. Titayezetsanso chitsime mvula itatha, chloride anali atatsika kufika pa 190. Ndikudikira kuona chilimwe chino.

Sepitiki nayo ili ndi khalidwe lake. Dothi la mchenga limamwa madzi msanga, zomwe ndi zabwino mpaka pamene madzi a m'nthaka akwera. Nyanja imadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa imadzaza kwambiri. Zimenezi zikakumana ndi mvula ya masiku atatu, chimbudzi chathu chimatsitsa madzi mozengereza ndipo kuseri kumamveka kafungo. Sindinaganizepo kuti ndidzakhala munthu woyang'ana mwezi ndisanauze alendo tsiku lobwera. Choopsa chenicheni n'chakuti mumchenga zonyansa zimayenda mtunda. Malangizo ofala amati chitsime chitalikirane ndi dzenje la zonyansa mamita osachepera 30. Yathu ili pa 32. Koma amene akumanga kuseri kwathu akumba yawo pa mamita 18 kuchokera pachitsime chathu, mkati mwa puloti yawo, ndipo nditawalankhula anandiyankha mwaulemu kuti pulani inavomerezedwa. Nkhaniyi sinathe.

Za mapepala ndinena mwachidule, popeza chikalata cha umwini chinatuluka bwino. Cholakwa changa chinali kukhulupirira mpanda. Woyeza malo amene ndinamuitana mochedwa, titalipira kale, anafukula mabikoni n'kupeza kuti mpanda wa kum'mawa unalowa mita imodzi ndi theka m'malo a eni. Anapezanso kuti kanjira kodutsa m'mphepete mwa puloti, komwe asodzi amatsikira kunyanja mbandakucha, n'kolembedwa pa mapu ndipo sindingakatseke. Poyamba zinandinyansa. Pano ndinazolowera, ndipo mawu awo ndiwo wotchi yanga.

Inshuwaransi werengani timalemba tating'ono tija. Yathu imalipira moto ndi mphepo yamkuntho, koma kukokoloka kwa gombe ndi madzi a nyanja osefukira kulowa kumtunda sizilimo, ndipo dzimbiri amaliwerengera ngati kutha kwa katundu kwa masiku onse. Ndinazindikira izi nditapita kukadandaula za mzati uja. Ndinabwerako ndi kumwetulira kwa mlembi basi.

Ambiri amandifunsa ngati sindiopa kuti nyanja idzatipeza. Lipoti la 2021 la IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, linati madzi a nyanja padziko lonse anakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndipo pakati pa 2006 ndi 2018 ankakwera mamilimita 3.7 pa chaka. Pa chaka chimodzi n'zochepa, koma ngongole ya nyumba si ya chaka chimodzi. Chomwe ndaphunzira poyenda m'derali mvula ikagwa n'chakuti kukwera kwa malo n'kofunika kuposa kutalikira kwake ndi nyanja. Pali nyumba zomwe zili kutali ndi gombe kuposa yathu koma zili m'chidikha, ndipo zimakhala m'madzi sabata yathunthu. Ife tili pa kamtunda pang'ono, mwangozi chabe, chifukwa pogula sindinafunse n'komwe.

Msewu wafumbi uja m'chilimwe ndi mabampu, m'dzinja ndi phala. Ndasinthitsa mashokabu kamodzi, ndipo kawiri ndinasiya galimoto kumapeto kwa phula n'kuyenda wapansi nsapato zili m'manja. Magetsi akazima kuno amachedwa kuyaka, poti tili kumapeto kwa nthambo. Netiweki imagwira bwino pakhonde, kuchipinda ayi. Chipatala chili pa mphindi 40, ndipo usiku umene mwana anatentha thupi mphindi zimenezo zinatalika. M'makabati muli nkhondo ya chuku: nsapato zachikopa ndi malamba zimachita mbuu zikangokhala milungu iwiri osavalidwa, choncho zitseko za makabati timazisiya zotsegula ndipo mipando tinaisuntha kuti isagunde khoma. Nyumba zingapo zoyandikana nafe ndi za anthu obwera patchuthi pokha. Miyezi yambiri zimakhala zotseka, kenako kwa milungu iwiri nyimbo mpaka kucha.

Nanga tikugulitsa? Ayi. Ana amene m'tauni ankakhalira pa foni pano amabwera madzulo miyendo ili mchenga wokhawokha, n'kugona osakakamizidwa. Fani sitinaiyatsepo. Pali madzulo ena pamene nyanja yaphwa, gombe latambasuka mpaka kutali, timayenda ndi mayi a kunyumba osalankhula kanthu, ndipo za mahinjesi sindizikumbukira. Koma mutandibwezera mmbuyo, sindikanalipira mtengo umene ndinalipira. Ndikanabwera kawiri, kumapeto kwa chilimwe kudzatunga madzi ndekha n'kukayezetsa, ndi pakati pa dzinja kudzaona msewu ndi kutsitsa madzi m'chimbudzi. Ndikanabwera ndi woyeza malo ndi mmisiri wa kahamala kake ndisanasaine. Ndipo mwina ndikanamvera mayi a kunyumba, amene ankafuna nyumba ina ya kumtunda, pafupifupi kilomita imodzi kuchokera kunyanja, yomwe ine ndinaikana chifukwa madzi ankangooneka pang'ono pakati pa mitengo. Anzathu amene anaigula ndinawachezera mwezi watha. Geti lawo likadali ndi penti yoyamba. Mayi a kunyumba sananene kanthu, anangoligwira getilo n'kundiyang'ana.

Loko wachinayiyu ndi wa buraasi, ndipo ndimamudonthezera mafuta Loweruka lomwe timatsuka nyumba. Watha miyezi isanu ndi iwiri akutembenuka. Mwezi wamawa ndikukayezetsanso madzi, ulendo uno ndi a tizilombo tomwe, chifukwa a kuseri aja alowa m'nyumba yawo sabata yatha.