Glock 17 Gen5: mfuti yodalirika, koma chigwiriro chake sichibisika msanga

Mukalowa m'shopu ya mfuti kuno ku Johannesburg n'kunena kuti mukufuna pisitolo ya 9mm, sipatha mphindi zisanu Glock 17 isanaikidwe pa kauntala. Wogulitsa adzakuuzani kuti siikakamira, siivuta kusamala, ndiponso zipangizo zake zili ponseponse. Zambiri mwa zimenezi n'zoona. Chomwe satchula kawirikawiri n'chakuti mfuti imeneyi inapangidwira msilikali woipachika poyera pa lamba, pamene inuyo lamulo likufuna kuti muiphimbe yonse. Yomwe tikuunika pano ndi Gen5, mtundu wachisanu wa mfutiyi, womwe unatuluka mu 2017.

Tisanapite patali, abale athu ochokera kumudzi amvetsetse ichi. Lamulo la Firearms Control Act 60 la mu 2000 limalola nzika ya South Africa kapena munthu wokhala ndi permanent residence yekha kupempha satifiketi ya competency, yotsimikizira kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. Pepala la ntchito kapena la asylum silikwanira. Popanda competency palibe laisensi, ndipo wopezeka ndi pisitolo yotere yopanda laisensi atha kukaseweza zaka 15. Wina akakuuzani kuti ali nayo yotchipa ku Hillbrow, yopanda mapepala, mutembenuke n'kumapita. Zonse zili m'munsimu ndi za munthu amene akudutsa njira ya lamulo.

Pa maonekedwe sitichedwapo. Glock 17 si yokongola, ndipo sinayesepo kukongola. Slide yake, chitsulo chapamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo powombera, ndi yamakona anayi ngati njerwa, thupi lake ndi la pulasitiki wolimba, yonse yakuda bii. Gaston Glock anaipangira asilikali a Austria, omwe anailandira mu 1982, ndipo zaka zonsezi mawonekedwe ake asintha pang'ono chabe. Mukaiika pambali pa CZ 75 yachitsulo, kapena Z88 yomwe ambiri tazolowera kuiona m'chiuno mwa apolisi, Glock imaoneka ngati chipangizo cha m'galaja. Komabe kusalala kwakeko kuli ndi phindu: palibe hamala yotuluka kumbuyo, palibe kachitsulo ka safety kam'mbali koti kakole malaya kapena kukanda khungu. Pa Gen5 anachotsa timizere ta zala tomwe tinali kutsogolo kwa chigwiriro pa Gen3 ndi Gen4. Anachita bwino, chifukwa timizere tija tinkakwanira manja ena n'kumapweteka ena. Kukamwa kolowera magazini anakukulitsa pang'ono, slide stop, kachitsulo kogwira slide kumbuyo, ili mbali zonse ziwiri moti amanzere sakuvutikanso, ndipo m'bokosi mumabwera tizidutswa tokulitsira chigwiriro kumbuyo kwa amene ali ndi zikhatho zazikulu.

Miyeso yake ndi iyi: kutalika 202 mm, mpope 114 mm, msinkhu kuyambira pamwamba mpaka pansi pa magazini 139 mm, kunenepa kwa slide 25.5 mm. Yopanda magazini imalemera 630 g, yodzaza zipolopolo 17 imafika pafupifupi 945 g. Musunge nambala ya 139 ija m'mutu, tibwererako.

Powombera m'pomwe mfutiyi imabweza ndalama zanu. Chigwiriro chachitali chimalandira zala zonse, mtunda wa pakati pa sight (kolunjikitsira pamwamba pa slide) yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi wokwanira, ndipo kukankha kwa 9mm kumamveka kofewa kuyerekeza ndi timfuti tating'ono tomwe timalumpha m'manja. Wophunzira amaigwira msanga. Trigger imafuna mphamvu ya pafupifupi 2.6 kg, ndipo kukoka koyamba n'chimodzimodzi ndi komaliza. Si trigger yokoma ngati ya CZ ya mpikisano, imakhala ngati ikukhuta pang'ono isanaduke, koma ikabwerera imamveka bwino pa chala. Ma sight apulasitiki omwe amabwera nayo ndiwo chinthu chotchipa kwambiri pa mfuti yonseyi. Amaperepeseka, ndipo yakumbuyo ikagunda chinthu cholimba imatha kusuntha. Konzekerani kuikitsa achitsulo. Amene akuganiza zodzaika red dot (kagalasi kolunjikitsira kokhala ndi kadontho kofiira) mtsogolo agule ya MOS, yomwe slide yake imabwera ndi malo oikapo kale, pachiyambi pomwe, kusiyana ndi kudzadulitsa slide pambuyo.

Glock ikakakamira, kawirikawiri vuto limachokera kutatu. Koyamba ndi dzanja lolobodoka. Thupi la mfutiyi ndi lopepuka, tsono mukapanda kulimbitsa mkono, mphamvu yoyenera kukankha slide imathera m'kugwedezeka kwa dzanja, khoko la chipolopolo n'kutsakamira pa khomo lotulukira. Limbitsani dzanja, vutolo limatha. Kwachiwiri ndi magazini zosakhala za Glock, kapena zakale zomwe sipuling'i yake yafooka. Muzilembe manambala kuti yovuta muziidziwa. Kwachitatu ndi mafuta ochuluka. Mfutiyi imafuna timadontho towerengeka: pa njanji zinayi za slide, kunja kwa mpope, ndi pomwe tizitsulo tiwiri tam'kati, connector ndi trigger bar, timakhudzana. M'njira ya firing pin, pini yomenya chipolopolo, musathire kanthu. Mafuta akalowamo amasakanikirana ndi fumbi ndi mwaye, pini n'kumamenya mofooka, ndipo fumbi la Joni la mu Ogasiti silisowa. Kampani imaletsanso zipolopolo za mtovu wosakutidwa, choncho poyeserera gulani zokutidwa, zotchedwa FMJ.

Pali chinthu chimodzi chomwe sitingachinene mopepuka. Kuti mumasule Glock poitsuka, muyenera kukoka trigger. Ndondomeko yake isasinthe ngakhale tsiku limodzi: chotsani magazini kaye, kokani slide n'kuitsekera kumbuyo, yang'anani m'chemba, mokhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope, ndi maso, pisanimo chala, kenako mubweze slide, mulozetse komwe chipolopolo sichingavulaze munthu, n'kukoka trigger. Mukatero kokani slide pang'ono, ngati 3 mm, tsitsani tizitsulo tiwiri tam'mbali nthawi imodzi, slide ituluka chakutsogolo. Amene amavulala ndi amene amatembenuza ndondomekoyi: amakoka slide magazini ikadali m'kati, chipolopolo chimodzi chimatuluka, china n'kulowa, iwo n'kuganiza kuti mfuti ilibe kanthu. M'chipinda chomwe mukutsukira musakhale zipolopolo, ndipo kumbukirani kuti makoma ena a m'mafuleti ndi zipinda zakuseri atha kulephera kuimitsa 9mm.

Za mtengo. Glock si yotchipa kuno, ndipo mtengo wake umayenda ndi mphamvu ya randi, moti funsani mashopu atatu kapena anayi musanapereke dipoziti. Mfuti za Canik ndi Taurus kawirikawiri zimakhala pansi pake pa mtengo, ndipo CZ P-10 F, yomwe imanyamula zipolopolo 19, imapikisana nayo kwambiri. Chomwe mumalipirira pa Glock ndi mtendere wa pambuyo pake: holster (chonyamuliramo mfuti pathupi), magazini, masipuling'i ndi ma sight zimapezeka pafupifupi m'shopu iliyonse ya ku Gauteng, okonza mfuti onse amaidziwa, ndipo pogulitsanso siisowa wogula. Koma ndalama ya mfuti ndi gawo chabe. Onjezeranipo maphunziro a unit standard 117705, ya malamulo, ndi 119649, ya kagwiritsidwe ntchito ka pisitolo, kwa mphunzitsi wovomerezeka. Onjezeraninso safe yokwaniritsa SABS 953-1 yomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndalama za fomu ya SAPS 517 ya competency ndi SAPS 271 ya laisensi, holster, lamba, ndi zipolopolo zoyeserera mwezi ndi mwezi. Ngati mukapereka ya Glock simutsala ndi ya ku range, gulani mfuti yotsikirapo n'kumayeserera. Amene mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba za kuboola khoma musanayambe chilichonse, chifukwa wapolisi woona za mfuti, DFO, atha kubwera kudzaona safe yanu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Gawo 84 la lamulo lija limanena kuti pisitolo yonyamulidwa pagulu ikhale mu holster yomangirira pathupi, kapena m'chikwama, iphimbidwe yonse, ndipo mwini akhale woilamulira. Choncho kubisa si nkhani ya kukonda kwanu.

Ambiri amaganiza kuti chovuta kubisa ndi mpope. Ayi. Mpope umalowa m'buluku, palibe amauona. Chomwe chimakuululani ndi chigwiriro, chifukwa chimatsala pamwamba pa lamba n'kumatukula malaya. Glock 19, mng'ono wake wocheperako, ili ndi msinkhu wa 128 mm, Glock 17 ili ndi 139 mm. Kusiyana kwa 11 mm kumaoneka kochepa pa pepala, koma kuli kunsonga kwenikweni komwe kumabaya nsalu mukawerama kapena kutembenuka. Chodabwitsa n'chakuti slide yaitali ya 17 imathandiza: utali wolowa pansi pa lamba umakhazika mfuti kuti chigwiriro chisagwere kunja, makamaka kwa amene ali ndi kamimba.

Kodi ndiye kuti siingabisike? Imabisika, koma pamafunika zinthu zitatu zigwirizane. Holster ikhale ya Kydex, pulasitiki wolimba, youmbidwira Glock 17 yeniyeni, yolowa m'kati mwa buluku, yophimba trigger yonse mbali zonse ziwiri, ndipo kukamwa kwake kusafwaphe mukasolola mfuti. Ikhale ndi kaphiko kotchedwa claw, komwe kamakankha lamba n'kupinditsira chigwiriro kuthupi. Kaphiko kameneka ndiko kamapulumutsa mfuti zazikulu. Tizikwama tansalu togulitsidwa motchipa, toti mfuti iliyonse imalowamo, musatiyandikire: timapindikira m'kati n'kukhudza trigger. Lamba akhale wolimba, wopangidwira ntchito imeneyi, chifukwa pafupifupi kilogalamu imodzi pa lamba wa suti imalendewera n'kupendekera kunja pofika masana. Buluku likhale lokulirapo saizi imodzi, malaya akhale otayirira, a nsalu yokhuthala, akuda kapena amaangamaanga. T-shirt yoyera yothina imaonetsa zonse.

Malo oiika ndi awiri. Kutsogolo, chakumanja pang'ono kwa mchombo, kumabisa bwino mukaima ndi poyenda, mfuti imakhala pomwe maso ndi manja anu ali, koma kwa munthu wamfupi slide yaitali imabaya ntchafu akakhala pansi. Kumbali, kuseri pang'ono kwa fupa la chiuno, n'kofewa poyenda, koma mukangowerama kunyamula katundu chigwiriro chimatukula malaya kumbuyo inu osadziwa, ndipo pa mpando wa galimoto chimakanikizika.

Apa moyo wa mu Johannesburg uyenera kulowa m'masamu anu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe aliyense wavala jekete, Glock 17 imasowa osaoneka n'komwe. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, kukatentha, ntchito imakula, thukuta nalo limanyowetsa mbali yokhudza thupi, moti madzulo aliwonse muzipukuta slide ndi ma sight achitsulo aja. Woyendetsa galimoto yake savutika kwambiri. Koma wokwera takisi ku Bree kapena ku Noord, anthu anayi mpando umodzi, adziwe kuti woyandikana naye amva chitsulo m'nthiti mwake ngati mfuti ili kumbali, ndipo potsika umayenera kuwerama pamaso pa anthu onse. Mfuti ikadziwika kuti muli nayo, inuyo ndiye mumasanduka chofunidwa, chifukwa akuba amaifuna kuposa foni. Amene amagwira ntchito yokwera makwerero, ya m'munda kapena ya m'khitchini, komwe kuwerama ndi kutambasula manja sikutha, 17 imutopetsa sabata isanathe. Mfuti yotopetsa imayamba kusiyidwa pansi pa mpando wa galimoto, zomwe ndi mlandu ngati mulibe safe yovomerezeka m'galimotomo. Ikabedwa kapena kutayika muli ndi maola 24 okha oti mukanene kupolisi.

Glock ilibe safety yotseka ndi chala. Ili ndi zotchinga zitatu zam'kati, ya pa trigger, ya firing pin, ndi yoteteza ikagwa, ndipo zonse zimatseguka chinthu chilichonse chikakoka trigger, kaya ndi chala, kaya ndi chingwe cha jekete, kaya ndi nsonga ya malaya. N'chifukwa chake nthawi yoopsa kwambiri ndi yobwezera mfuti mu holster. Chitani pang'onopang'ono, mukuyang'ana, malaya mutawakweza ndi dzanja linalo, chala chili kutali. Ndi holster yakutsogolo, njira yabwino n'kuivula, kulowetsamo mfuti, n'kuzivala pamodzi. Mowa ndi mfuti siziyendera limodzi, lamulo limaletsa. Dziwaninso kuti khoti limafunsa ngati moyo unali pachiopsezo panthawi yomweyo. Kuwombera wakuba yemwe akuthawa ndi katundu kudzakumangitsani. Ndipo popita kumudzi pa Khirisimasi, laisensi yanu imathera pa malire a Beitbridge. Popanda zilolezo za kuno ndi za dziko lililonse lomwe mudutsemo, mfuti itsale yotsekeredwa mu safe.

Maganizo athu ndi awa. Kwa munthu wa thupi lalikulu, woyenda pa galimoto yake, kapena amene mfuti yake izikhala kunyumba ndi ku range nthawi zambiri, Glock 17 Gen5 ndi yoyenera ndalama zake. Kwa munthu wochepa thupi, wokwera takisi tsiku ndi tsiku, Glock 19 ndiyo yanzeru: mumataya zipolopolo 2 ndi 90 g yokha, ndipo magazini za 17 zimalowa mu 19, moti yapadera mutha kunyamula yaitaliyo. Kusankhaku kuchitike mosamala chifukwa gawo 13 la lamulo lija, la kudziteteza, limalola mfuti imodzi yokha, laisensi yake ndi ya zaka 5, imamangidwa pa nambala ya mfuti yomwe mwagulayo, ndipo yankho la pempho la laisensi lochokera ku Pretoria limatenga miyezi. Pitani ku range komwe amabwereketsa mfuti, muwombe zonse ziwiri tsiku limodzi. Kenako m'shopu pemphani holster ndi mfuti yapulasitiki yophunzirira, muvale ndi malaya omwe mumavala mu Disembala, mukhale pampando, muwerame kumanga nsapato, mnzanu akuoneni kumbuyo.