Social studies ya silabasi ya ku America: zimene mwana wa mu Lusaka amaphunziramo za mayiko ena

Mu Lusaka muno muli timasukulu ting'onoting'ono timene timaphunzitsa silabasi ya ku America kudzera pa intaneti, ndipo makolo ena amene akulakalaka kuti ana awo adzafike ku yunivesite za kunja akuchotsa anawo m'sukulu za masiku onse n'kuwalembetsa kumeneko. Ndemanga iyi ikunena za malo amodzi oterewa, kumene ndimalipirira mwana wa mlongo wanga monga atsibweni ake, ndipo ndikamba za phunziro limodzi lokha, la social studies, limene limaphatikiza jogalafe, mbiri yakale ndi kayendetsedwe ka boma. Dzina la malowo ndalisunga, chifukwa zimene ndikudandaula nazo sizichokera kwa eni ake koma m'maphunziro amene iwo amagula ku America ali okonzakonza kale.

Kayendetsedwe ka malowa n'kabwino ndipo sinditayapo nthawi yaitali. Mwana aliyense amakhala ndi laputopu yake, amaonera mavidiyo ojambulidwa ku America, amawerenga zimene wapatsidwa n'kuyankha mafunso amene kompyuta imachonga nthawi yomweyo, pamene mphunzitsi wa konkuno amayendayenda m'chipindamo kuthandiza amene wasokonezeka ndiponso kuchonga zimangirizo. Ali ndi magetsi a sola, choncho kuzimazima kwa magetsi sikuimitsa maphunziro, ndipo kholo limatha kuona malikisi a mwana pa foni tsiku lililonse. Fizi imawerengedwa m'madola, kotero Kwacha ikagwa, kholo limamva kuwawa pa teremu yotsatira.

Chimene ndikuyamikira ndi mtima wonse ndi kaphunzitsidwe kake. Ife tinakula tikukopera manotsi a pa bolodi n'kumawaloweza kuti tikawalavule pa mayeso, koma ana awa amapatsidwa zolemba zenizeni za nthawi imene akuphunzirayo kuti aziwerenge okha. Pophunzira za ufulu wa America wa mu 1776, mwana wa mlongo wanga anawerenga chikalata chenicheni cholengeza ufuluwo, chimene chimanena kuti anthu onse analengedwa ofanana, kenako anafunsidwa kuti afotokoze mmene Thomas Jefferson, amene anachilemba, ankagwirizanitsira mawuwo ndi kusunga kwake akapolo. Yankho loloweza silikanamuthandiza pamenepo. Anayenera kutchula umboni, kuyeza mbali ziwiri ndi kuima pa maganizo ake, ndipo luso limeneli ndaliona likukula mwa iye mpaka amalitengera pa nkhani za kunyumba. Ngati ndalama zimene ndimalipira zili ndi phindu looneka, phindu lake ndi limeneli.

Vuto lili pa zimene zili m'kati mwa phunzirolo. Chaka chonse cha Giredi 8 chaperekedwa ku mbiri ya America yokha, kuyambira pa madera 13 amene ankalamulidwa ndi Britain mpaka pa nkhondo yapachiweniweni ya mu 1861 mpaka 1865 ndi zaka zotsatira. Mayiko ena onse anapanikizidwa m'zaka ziwiri za m'mbuyo mwake, m'mene mwana amathamangitsidwa kuchoka ku Mesopotamia kupita ku Greece, Rome, China, India, Japan, Ulaya wa nthawi ya mafumu, mpaka kwa Aaziteki ndi Ainka. Africa imaonekera makamaka katatu: Egypt wa Afarao, maufumu a Ghana ndi Mali pamodzi ndi ulendo wa Mansa Musa wopita ku Mecca mu 1324, ndiponso malonda a akapolo a pa nyanja ya Atlantic, amene amafotokozedwa makamaka pofuna kulongosola mmene anthu akuda anafikira ku America. Kum'mwera kwa Africa kuno kuli ndime imodzi yokha yonena za Great Zimbabwe. Za ufumu wa Maravi pansi pa Kalonga, za Undi, za Aluba ndi Alunda, za Alozi, kapena za malonda a pa Ing'ombe Ilede, mulibe ngakhale chiganizo chimodzi. Zambia imapezeka ngati dzina loti mwana alikokere pamalo pake pa mapu, basi. Mwana amene amapita nafe ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba amatha kutchula malikulu a zigawo zonse 50 za America, koma za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha mu 1953 mpaka 1963 anazimva koyamba kwa ine.

Kholo liyenera kumvetsa gwero la zimenezi lisanaimbe mlandu aliyense. Ku America kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse monga mmene tilili kuno, kumene mwana wa ku Chipata ndi wa ku Mongu amalemba mayeso amodzi a Examinations Council of Zambia (ECZ). Chigawo chilichonse chimadzikonzera zoti ana ake aphunzire, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku Texas ana amaphunzira mbiri ya Texas yokha chaka chathunthu mu Giredi 4, n'kudzaibwerezanso mu Giredi 7. Ku New York ana a Giredi 9 ndi 10 amatha zaka ziwiri akuphunzira mbiri ndi jogalafe ya dziko lonse lapansi, ndipo pomaliza amalemba mayeso a chigawocho otchedwa Regents. Choncho amene akukugulitsani silabasi ya ku America ayenera kukuuzani kuti ndi ya chigawo chiti, pakuti mawu akuti ya ku America paokha sanena zambiri. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Palinso chifukwa cha malamulo. Mu 2002 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo la No Child Left Behind, limene linakakamiza sukulu kuyesa ana chaka chilichonse pa kuwerenga ndi masamu kuyambira Giredi 3 mpaka 8, ndipo sukulu yolephera inkakumana ndi zilango. Aphunzitsi anachita zimene aliyense akanachita: anawonjezera nthawi ya maphunziro oyesedwawo n'kuchepetsa ya social studies, makamaka ku pulayimale. Lamulo limene linalowa m'malo mwake mu 2015 linafewetsa zilango koma linasiya mayeso apachakawo ali pomwepo. M'chaka chomwecho ofesi younika ntchito za boma, ya Government Accountability Office, inapeza kuti oposa theka la aphunzitsi a Giredi 8 ankagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi ya social studies, kapena kucheperapo, pophunzitsa jogalafe.

Zotsatira zake zimaoneka m'mayeso awo omwe. Pa mayeso a dziko lonse a National Assessment of Educational Progress a mu 2018, ana 25 okha pa 100 alionse a Giredi 8 ndi amene anafika pa mlingo woti amadziwa bwino jogalafe. Pa kafukufuku wa mabungwe a National Geographic ndi Roper wa mu 2006, amene anafunsa achinyamata a zaka 18 mpaka 24, anthu 63 pa 100 alionse analephera kuloza Iraq pa mapu, pamene asilikali a dziko lawo anali atakhala kumeneko kuyambira mu 2003, ndipo 54 pa 100 alionse sankadziwa kuti Sudan ili mu Africa. Ziwerengerozi anthu amakonda kuzitchula pofuna kuseka Aamerika, koma ine ndimaziona mosiyana pang'ono. Pa kafukufuku yemweyo theka la achinyamatawo linalephera kuloza chigawo cha New York pa mapu a dziko lawo lomwe, ndipo mu 2022 ana 13 okha pa 100 alionse a Giredi 8 ndi amene anafika pa mlingo wabwino pa mbiri ya America yeniyeniyo. Sikuti amanyoza Africa mwapadera ayi. Phunziro lonseli ndi limene linakankhidwira pambali.

Komabe mwana wa ku Ohio angathe kukula osadziwa kumene kuli Mozambique n'kukhala moyo wabwinobwino, chifukwa dziko lake lili ndi malire a pamtunda ndi mayiko awiri okha, Canada ndi Mexico, ndipo ndalama yake ndi imene mayiko ena amaifunafuna. Mwana wa mu Lusaka alibe mwayi umenewo. Dziko lathu lazunguliridwa ndi mayiko 8, katundu wathu amadutsa pa madoko a eni ake monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo mtengo wa kopa wathu umatsatira msika wa ku London. Njanji ya TAZARA simungaimvetse popanda kudziwa zimene Ian Smith anachita ku Rhodesia mu 1965 polengeza kuti boma lake la Azungu ladzichotsa pansi pa Britain, ndiponso chifukwa chake China inavomera kuimanga. N'chifukwa chake silabasi yathu, ngakhale kaphunzitsidwe kake n'kotopetsa, imamufikitsa mwana kwa Shaka ndi Mfecane, kwa Bismarck, ku msonkhano wa ku Berlin wa mu 1884 ndi 1885, mpaka ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu. M'maphunziro amene ndikuunikawa mwana amauzidwa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha pa 11 November 1918, ndipo n'zoona, koma palibe amene amamuuza kuti asilikali a Germany otsogoleredwa ndi von Lettow-Vorbeck anakatula zida zawo ku Mbala, m'dziko lake lomwe lino, pa 25 November chaka chomwecho. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mwana wophunzitsidwa motere amayamba kuganiza kuti mbiri ndi zinthu zimene zimachitika kwa anthu ena kutali.

Mapu amene ali m'maphunzirowa nawonso ali ndi vuto lake. Ambiri ndi a mtundu wa Mercator, amene anakonzedwa mu 1569 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo, ndipo amakulitsa mayiko a kumpoto mpaka chilumba cha Greenland kuoneka ngati ikulingana ndi Africa, pamene Africa ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Ku America komweko ena anazindikira zimenezi, moti mu 2017 sukulu za boma za mu mzinda wa Boston zinayamba kuika m'makalasi ena mapu oonetsa kukula kwenikweni kwa mayiko. Mphunzitsi wa pa malowa, mayi amene anaphunzira ku UNZA, anawadabwitsa anawo atawauza kuti Zambia, ya masikweya kilomita pafupifupi 752,000, ndi yaikulu kuposa Texas, ya pafupifupi 696,000. Mayi ameneyu ndi amene amapulumutsa phunziroli, pakuti mwa kufuna kwawo amapatula nthawi Lachisanu n'kuwaphunzitsa anawo za dziko lino, ndipo anawatengerapo ku Lusaka National Museum ndi ku nyumba ya Kaunda ya ku Chilenje. Chodandaulitsa n'chakuti zimenezi sizilowa m'malikisi, choncho ana amaziona ngati zongocheza, ndiponso tsiku limene mayiwo adzachoke pa malowa zidzatha nawo.

Kumakalasi a pamwamba zinthu zimasintha kwa amene akufuna ndiponso angakwanitse. Malowa amakonzekeretsa ana mayeso a Advanced Placement (AP), a maphunziro a mlingo wa ku yunivesite ochitidwa mwana akadali ku sekondale, amene amayendetsedwa ndi bungwe la College Board, ndipo awiri mwa maphunzirowo ndi olemera ndithu: AP Human Geography, ndi AP World History, imene imakamba za Great Zimbabwe, mizinda ya Aswahili ya m'mphepete mwa nyanja ya Indian, utsamunda ndi kumenyera ufulu. Ngakhale pamenepa panabuka mkangano mu 2018, pamene bungwelo linafuna kuti phunzirolo liziyambira mu 1450, aphunzitsi ambiri n'kudandaula kuti ana adzayamba kumva za Africa, Asia ndi America wakale pa nthawi yokha imene Azungu ankafika. Pamapeto pake anagwirizana zoyambira mu 1200. Maphunziro awiriwa ndi ochita kusankha, ndipo pa malowa amalipiridwa padera.

Kwa banja limene latsimikiza kuti mwana adzapita ku America, malowa ndingawavomereze, malinga kholo liumirire kuti mwanayo atenge maphunziro awiri a Advanced Placement aja ndiponso apitirize kuwerenga mabuku a silabasi yathu a mbiri ndi jogalafe kunyumba. Kwa banja limene likungoyesa, ndipo n'kutheka kuti ndalama zikavuta mwanayo adzabwerera ku sukulu yolemba mayeso a ECZ, sindikulimbikitsa, chifukwa adzapeza anzake atapita patali pa mbiri ndi jogalafe ya Zambia ndi mayiko oyandikana nafe, ndipo kuwapeza kudzafuna mphunzitsi wapadera. Musanalipire, pemphani mndandanda wa mitu ya chaka chonse muuwerenge nokha, funsani chigawo chimene silabasiyo ikutsatira ndi bungwe limene linavomereza satifiketi yake, ndipo eni malowo akulembereni papepala ngati maphunziro a za Zambia ali mbali ya zimene mukulipira kapena akudalira mtima wabwino wa mphunzitsi mmodzi.