Ndinatchunitsa Raptor yanga kawiri, koyamba ndinalira nayo pa chitunda cha Zobue

Anthu akaona Ford Ranger Raptor itaima pa roboti amayesa kuti ikanyamuka ndi mphezi. Inenso ndinkayesa choncho mpaka nditagula yanga ya 2020, yogwirapo kale ntchito, kuno ku Joni. Thupi ndi la chimphona ndithu, ndipo mashoko ake a Fox amameza mabampu ngati nsima ya therere. Koma mukatsegula boneti mupeza injini yomwe ija inali mu Wildtrak ya nthawi imeneyo, mtundu wina wa Ranger: ya dizilo, malita 2.0, ma turbo awiri, mphamvu 157 kW ndi 500 Nm, kumbuyo kwake giyabokosi ya otomatiki ya magiya 10. Injini imodzimodzi, chonsecho galimoto yolemera kuposa inzake, matayala akuluakulu. Tsiku lina pa msewu wa N1 kamnyamata ka Polo kanandidutsa n'kundikwezera dzanja ngati kakutsanzika. Nkhani yotchuna injini kuti ionjezere mphamvu inayambira pamenepo.

Ndinataya masabata ndikuonera mavidiyo a ku America. Kumeneko mayina a zotchunira injini omwe amamveka ndi Cobb Accessport, SCT ndi HP Tuners, ndipo ambiri amakamba za F-150 Raptor, ya petulo, V6 ya malita 3.5. Zokoma kuonera, koma za eni ake. Yanga ndi ya dizilo, mafuta athu ndi ena, ndipo Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, turbo imachita kulimbikira kuti injini ikhute. Choncho ndinasiya za kunja n'kuyang'ana zomwe zili pafupi.

Njira zake ndi ziwiri. Ina ndi imene amati remap: munthu amalumikiza laputopu pa kasoketi ka OBD kamene kali pansi pa chiwongolero n'kulembanso malangizo a m'kompyuta ya injini, ECU ija. Inayo ndi ya kabokosi komwe amati piggyback. Ako sikakhudza za m'kati mwa ECU. Kamakhala pakati pa masensa ndi kompyutayo, n'kumasintha uthenga womwe ukudutsa, mwachitsanzo wa mphamvu yomwe dizilo akupoperedwa nayo komanso wa mpweya wa turbo.

Ine ndinayamba ndi remap, ndipo ndivomere, chinandikoka ndi mtengo. Ndinapeza mkulu wina pa Facebook, dzina ndisunga. Tinakumana poimika magalimoto kuseri kwa sitolo ina. Anatsegula laputopu pa mpando, mphindi makumi atatu zisanakwane akuti basi, tatha. Sanatsegule boneti, sanafunse kuti ndimakoka ngolo kapena ayi, sanafunse kuti sevisi ndinachita liti. Anangofunsa ngati ndikufuna atsekenso EGR, kachipangizo kobwezera utsi wina mu injini, ndinakana. Inenso sindinafunse chinthu chimodzi chomwe ndinayenera kufunsa: fayilo yoyambirira ya galimoto mwaisunga? Paja safunsa anadya phula.

Masiku oyamba ndinasangalala, ndisaname. Ukangokhudza chopondera, msana unkamatirira ku mpando. Kautsi kakuda ndinkakaona pa galasi koma ndinkati ndi mmene dizilo amakhalira.

Zinaululika mu Disembala popita kumudzi. Njira ndi yomwe timaidziwa tonse: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza. Kumbuyo ndinamanga ngolo yodzaza ndi katundu wa abale, firiji, mabulangete, matailosi a amayi. Raptor imeneyi imaloledwa kukoka makilogalamu 2,500 okha pomwe Wildtrak ndi 3,500, ndiye ndinachita kuyezetsa kuti ndisapyole. Titaoloka Zambezi pa Tete kunali kutentha kumene akudziwa ndi okhawo anadutsapo masana, mphepo yolowa pa windo ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Titayamba kukwera zitunda zolowera ku Zobue, kachizindikiro kochenjeza ka sipanala kanayaka pa dashibodi, mphamvu n'kuthawa. Galimoto inangoyamba kukwawa, malole omwe ndinawadutsa monyada aja akundipitirira mmodzimmodzi.

Alamu anga, omwe anakhala chete kuchokera ku Harare, anati, "Alamu, si mmene munkanenera muja kuti tsopano ikuuluka?"

Ndinaima, kuzimitsa, kudikira, kulizanso. Inayenda pang'ono, kasipanala kaja n'kubweranso. Katatu konse. Kompyuta inkadziteteza yokha, ndipo lero ndimaithokoza, chifukwa ikanapanda kutero mwina ndikanasiya pisitoni kapena turbo ku Mozambique. Nkhani yake ndi yosavuta kumva. Mphamvu ya dizilo imachokera pothira mafuta ambiri, koma mafuta akachuluka kuposa mpweya utsi umada ndipo umatentha kwambiri. Mu tauni umaponda masekondi ochepa n'kusiya, zonse n'kuzizira. Pa chitunda chachitali, ngolo ili kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo, palibe popumira.

Nditabwerera ku Joni mkulu uja foni sankayankha. Ndinalipira garaja ina kuti ibwezeretse pulogalamu ya fakitale. Ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa inathera pamenepo, n'kuonjezeranso.

Ulendo wachiwiri ndinapita ku shopu yomwe ili ndi dyno, makina aja omwe galimoto imathamanga itamangidwa pa zigudumu, ndipo amaika kabokosi ka piggyback kotchedwa Unichip. Kabokosi kameneka amapanga ndi a Dastek ku Pretoria, mzinda womwewo umene uli ndi fakitale ya Ford ya Silverton komwe ma Ranger amapangidwira. Kukhala pafupi kumeneko ine ndinakuwerengera, chifukwa chinthu chikavuta wochidziwa umamupeza tsiku lomwelo.

Mdala wa pamenepo anandidabwitsa poyamba ndi kukana. Anatsegula boneti, kutulutsa fyuluta ya mpweya, kuiyang'ana pa dzuwa, n'kundipatsa m'manja osanena kanthu. Fumbi lake linali la ku Tete lomwe lija. Anagwiragwira mapaipi opita ku intercooler, choziziritsira mpweya wa turbo, n'kupeza kalampu imodzi yolefuka, m'mbali mwake muli mafuta onyowa. Anati ndikakonze zimenezo, ndithire oyilo woyenera, ndibwere sabata yamawa. Anandikumbutsanso kuti lamba wa taimingi wa injini imeneyi amayenda m'kati mwa oyilo, ndiye oyilo wachisawawa amamudya.

Nditabwerera anaimanga ndi malamba kutsogolo ndi kumbuyo, chifani chachikulu chikuuzira pa giriro. Anayamba waiyeza mmene ilili, isanakhudzidwe. Nambala inatuluka yochepa kuposa ya m'buku, nkhope yanga n'kugwa, iye n'kuseka: ya m'buku amayezera pa injini, iyi ndi yofika ku matayala, ina imathera m'giyabokosi ndi m'madifu. Kenako anandikhazika pansi. Mumakoka chiyani? Kangati pa chaka? Mumathira dizilo wamtundu wanji? Nditamuuza za Tete anagwedeza mutu n'kulemba pa kapepala.

Ntchito inatenga pafupifupi tsiku lonse. Chimene ndinaona n'chakuti maso ake sankakhala pa nambala ya mphamvu koma pa kutentha kwa utsi, komwe iwo amati EGT. Amaonjezera pang'ono, kuthamangitsa, kuyang'ana, kubweza. Pena ndinamuuza kuti apitirizebe poti mzere unkakwerabe. Anayankha kuti zitheka, koma galimoto ndi yanga, chitunda chidzandipeza ndili ndekha.

Chomwe chandikomera kwambiri pa Unichip n'chakuti imasunga matchunidwe mpaka asanu, ndipo umasintha ndi kabatani uli pa mpando. Koyamba anandisiyira mmene inachokera ku fakitale. Kachiwiri ndi kokokera ngolo, mphamvu imabwera msanga koma mofatsa. Kachitatu ndi kamasewera. Komaliza anakafoola dala, ka otsuka galimoto ndi obwereka. Ya fakitale ija ndimaigwiritsa ntchito kuposa mmene ndinkaganizira. Kumudzi mafuta akasowa, mizere itafika kutali, munthu umapezeka wagula dizilo wa m'zigubu wosadziwika komwe wachokera. Pamenepo sindifuna injini ikakamizike, ndimangodina n'kubwerera poyambira.

Kuyenda kwake? Kusintha kumamveka kwambiri podutsa lole, pakati pa 80 ndi 120. Kale unkaponda n'kuyamba kupemphera, pano imangonyamuka. Utsi wakuda kulibe. Koma wina asakunamizeni kuti isanduka Raptor yatsopano ija inafika kuno mu 2023, ya petulo V6 ya malita 3.0 ndi 292 kW. Imeneyo ndi nyama ina. Yanga yangosiya kuchititsa manyazi.

Zosakoma zilipo. Kabokosi sikaphunzitsa giyabokosi chilichonse, imasinthabe magiya mmene a Ford anaiuzira, ndipo nthawi zina imasakasaka giya pomwe mphamvu ilipo kale yokwanira. Remap yochitidwa ndi katswiri weniweni imafika mozama kuposa apa, ndiye sindikunyoza remap, ndikunyoza ya kuseri kwa sitolo. Palinso mawaya oonjezera m'boneti, omwe ndimawayang'ana ndikadutsa m'madzi kapena m'matope. Mtengo nawo si wamasewera, unandidya ngati ndagula matayala awiri atsopano a galimoto yomweyi.

Za mafuta samalani. Dashibodi inayamba kundiuza kuti ndikupulumutsa dizilo, ndinakondwa. Nditawerengera ndekha, kudzadza thanki, kulemba makilomita, kudzadzanso, ndinapeza kuti ndikayenda modekha zili chimodzimodzi ndi kale, ndikaponda imamwa kuposa kale. Kompyuta imawerengera zomwe ikuuzidwa, ndipo kabokosi kamaiuza zina.

Yanga walanti inali itatha, ya Ford kuno ndi zaka 4 kapena makilomita 120,000. Amene yanu ikadalipo ganizani kawiri, musadalire zoti kabokosi kamachotseka ndiye palibe adzadziwe. A inshulansi ndinawauza, analemba, nkhani n'kutha.

Disembala wathayu ndinadutsanso pa Zobue, ngolo ili pambuyo, kabatani kali pa nambala 2. Ndinkangoyang'ana pa dashibodi kudikira kasipanala, sikanabwere. Titafika ku Mwanza alamu anapempha kuti ayendetseko mpaka ku Blantyre. Ndinawapatsa makiyi, koma ndisanatsike ndinadina kabatani kaja mwakachetechete kufika pa komaliza. Mpaka lero amauza anthu kuti galimoto yanga ndi thupi chabe.